Kusala Kwanga ku Nyumba ya Mafumu a ku Mangalande

Anthu akamva kuti ndinafikako ku Mangalande, funso lawo limakhala limodzi: kodi nyumba ya mafumu munaiona? Ndimayankha kuti ndinaiona, kenako ndimayamba nkhani ya mvula kapena ya mbuzi. Ena amati ndine womana nkhani. Si kumana ayi. Tsiku limenelo limandinyong'onya ndikalikumbukira, ngakhale tsopano pamene mutu wanga wayera.

Zinali zaka za pakati pa m'ma 1950. Ndinali mlezi pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Namitete. Mwamuna wanga anali atamwalira tisanaone mwana, ndipo ntchito imene ndinaipeza inali yolera mwana wamkazi wa bwana woyang'anira esitetiyo. Ndinamulandira asanayambe kukhala pansi. Ndinamubereka kumsana ngati mwana wa m'mudzi, ndipo chilankhulo chathu anachidziwa asanadziwe cha makolo ake. Ankandiitana kuti Yaya, monga ana a azungu ankaitanira alezi awo. Ine ndinkati kadona.

Ndinamulera monga anandilerera amayi anga. Ndinamuphunzitsa kulandira chinthu ndi manja awiri, kugwada popereka kwa wamkulu, ndi kusadya yekha pali munthu wina pafupi. Kwathu phunziro limeneli lili ndi mbali ya akuluakulunso. Mwana akakupatsa kanthu, kaya ndi kambatata kodzaza dothi ndi malovu, umalandira, kuthokoza, ndi kudya iye akuona. Ukakana, wamuphunzitsa kumana. Ndinauza akhuki, ndinauza ndi amuna osesa pabwalo, kuti kadona akakupatsani chinthu musabweze. Onse ankatsatira, moti akhuki anadyapo bisiketi yomwe galu anali atainyambita kale.

Chaka china bwana anadwala malungo aakulu mvula ili pakati, ndipo dokotala anati akapume kwawo. Adona ananena kuti mwana sangapite popanda ine. Ndinapita kumudzi kukatsazika. Bambo anga, amene ankatsogolera mapemphero m'katchalitchi kathu ka udzu ansembe akakhala kulibe, anandiperekeza mpaka pa msewu. Sanandilangize za kuzizira kapena za nyanja.

"Mwana wanga," anatero, "ansembe athu amachokera ku Ulaya komweko, ndiye matchalitchi sakasowa. Koma Pasaka usakamuphonye."

Amene si a mpingo wathu ndiwafotokozere. Lamulo la Eklezia limati mkhristu alandire Ukaristiya ngakhale kamodzi pa chaka, m'nyengo ya Pasaka. Monga tinaphunzirira pa katekisimu, nyengoyo inkatha pa Lamulungu la Utatu Woyera. Kuliphonya dala ndi tchimo lalikulu. Ndipo wofuna kulandira ankayenera kusala kuyambira pakati pa usiku, osalawa kanthu, ngakhale dontho la madzi. Ndinali ndisanaphonyepo chiyambire kulandira kwanga koyamba.

Tinayenda pa lole mpaka ku Salima, pa sitima ya pamtunda mpaka ku Beira, kenako masabata angapo pa nyanja. Tinakafikira kwa makolo a adona, kumidzi, kumene kunali nkhosa zambiri kuposa anthu. Tchalitchi chinalipo chimodzi, cha mpingo wa agogo a mwanayo. Chathu ankati chili kutali, ndipo basi siyenda Lamulungu. Lenti yonse inatha ndikupemphera kolona m'kachipinda kanga. Pa Pasaka penipeni kadona anagwidwa ndi chikuku, ndipo sindikanamusiya. Masabata anayamba kutha limodzi ndi limodzi, ine ndikuwerenga m'mtima, mpaka kunatsala Lamulungu limodzi lokha. Lolemba lotsatira tinayenera kukwera sitima m'mamawa kupita kumpoto, kwa abale a bwana, kumene adona ankati n'kumidzi koposa.

Ndinapempha monga timapemphera kwathu. Ndinagwada pakhomo la chipinda chimene adona ankasokeramo, ndinayamba ndi kuthokoza za ulendo, za jasi imene anandigulira, za kuchira kwa mwana. Adona anaika singano pansi.

"Yaya, ukufuna chiyani? Nena msanga."

Ndinanena. Anamvetsa, ndipo anayankha bwino. "Lamulungu tikhala ku London. Matchalitchi anu ndi ambiri kumeneko. Tikakusiya pa chimodzi mwa matchalitchiwo."

Tinafika ku London Loweruka, kwa mchemwali wa adona. Madzulo ndinadya pang'ono, ndinachapa mpango wanga woyera, ndinasanthula mtima wanga. M'mawa sindinalawe kanthu. Potsuka m'kamwa ndinalavula kangapo kuti dontho lisatsikire kukhosi. Ndinaveka mwana, ndinavala, ndinaima pafupi ndi chitseko.

Azunguwo anadya mosafulumira. Bwana anawerenga nyuzipepala. Pamene tinkakwera galimoto imene anabwereka, dzuwa linali litakwera ndithu. Tinadutsa tchalitchi china, anthu akulowa. Tinadutsa chachiwiri. Ndinayang'ana khosi la bwana. Ndipo ndinamva akuuza adona m'Chingerezi, chimene ndinkachimva ngakhale sindinkachilankhula bwino, kuti tiyambire ku nyumba ya mafumu anthu asanachuluke pachipata, za tchalitchi tiona pobwerera.

Apa ndi pamene munthu wina akanalankhula. Ine sindinatero. Kwathu munthu wamkulu akakulonjeza chinthu, sumukumbutsa, chifukwa kukumbutsa kuli ngati kumunena kuti ndi wabodza. Komanso ndinkaganiza za kwathu. Ansembe ankabwera pa njinga kumudzi, nthawi zina dzuwa litapendeka chifukwa cha mitsinje yodzaza, ndipo ife tinkadikira ndi njala yathu pansi pa mtengo. Munthu wochokera kutali akafika ku mishoni Misa itatha, akagogoda n'kunena kuti ndasala, abambo ansembe ankavala za Misa ndi kukamupatsa Ukaristiya. Ndinati ndi kunonso zidzatero. Ndingosunga kusala kwanga basi.

Nyumbayo inali m'mphepete mwa mtsinje, kunja kwa mzinda. Sindingakane, inali yaikulu. Njerwa zofiira, mabwalo m'kati mwa mabwalo, machumuni ambirimbiri osatuluka utsi ndi limodzi lomwe. Ndinakumbukira mfumukazi ija ya m'Malembo imene inayenda ulendo wautali kukaona nyumba ya mfumu yanzeru, mpaka mpweya unaithera. Koma iyo inapeza mwini wake ali pampando. Ine ndinafika pachipata n'kuyamba kuyang'ana woti tilonjerane naye. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, ndinati odi chapansipansi. Kadona anaombanso.

"Mukuombera yani?" anafunsa bwana, akuseka. "Mafumu anachokamo kalekale muno. Agogo a agogo anga asanabadwe."

Ndinali nditadzilimbitsa kuti kucheza kwa eni nyumba kuli ndi mathero: mumalonjerana, mumamva za moyo, kenako mumapempha njira. Koma nyumba yopanda mwini mungatsazike yani? Munthu amangoyenda mpaka miyendo itakana. Tili pamzere wolowera, kutsidya kwa mtsinje mabelu anayamba kulira. Sindinadziwe ngati anali a mpingo wathu. Analira nthawi yaitali, kenako analeka.

Tinalowa m'chipinda, tinatulukira m'chipinda china. Mabedi aatali ngati nkhokwe, otchingidwa ndi zingwe zofiira kuti munthu asayandikire. Mipando yosakhalidwa. Zithunzi za amuna onenepa ovala ubweya, ndi akazi otuwa ngati odwala. Adona ankawerenga kabuku mokweza, ndipo sankalumpha tsamba. Mfumu iyi inakwatira uyu, inamusiya, inakwatira uyu. Ine ndinkangoona kuwala kwa dzuwa kukusuntha pansi pa mawindo.

Kenako anatilowetsa kukhitchini. Moto wa pamenepo ukanawotcha ng'ombe yathunthu, koma panalibe ngakhale phulusa. Bwana anayamba kufotokoza zimene mafumu ankadya, nyama za mitundumitundu, nsomba, mikate ya uchi. Mimba yanga inalira mokweza moti mayi wina wachizungu anacheuka.

"Yaya, muli chule m'mimba mwanu," anatero kadona.

"Khala chete, iwe. Chule ameneyo akupemphera."

Titakwera masitepe ena, adona anandikoka dzanja, nkhope yawo ikuwala. "Bwera uone. Tchalitchi!"

Ndinalowa mofulumira. Denga lake linali labuluu, lokhala ndi nyenyezi zagolide, lokongola kuposa chilichonse chimene maso anga anaonapo. Ndinagwada pomwepo pakhomo. Maso anga anafunafuna kanyali kofiira kamene m'matchalitchi athu kamayaka usana ndi usiku kusonyeza kuti Ambuye alimo m'Sakramenti. Ndinayang'ana kumanja, kumanzere. Kunalibe. Sindinyoza pemphero la anthu ena, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu amawamva amene amapemphera mmenemo. Koma chimene ndinadzera ine munalibe. Mlonda wina wovala yunifolomu anandigwira paphewa, mwaulemu ndithu, kundisonyeza kuti ndatseka njira.

"Pemphera pano," anatero adona. "Tikudikira. Ndi tchalitchi cha mafumu, Yaya, chiposa onse. Ukatero tatha, eti?"

Ndinazindikira kuti iwo akuona ngati lonjezo lawo lakwaniritsidwa. Sanachite mwankhanza. Kwa iwo tchalitchi chinali tchalitchi. Ndinaweramitsa mutu.

"Adona, pepani. Ndi chokongola kwambiri. Koma ine ndikufuna ansembe athu, kuti ndilandire."

Adona anapumira m'mwamba. Bwana anayang'ana wotchi. "Tipita, tipita. Tingoona munda, si waukulu."

Unali waukulu. Mudzi wathu wonse ndi minda yake ukanalowamo, n'kutsala malo a msipu. Dothi lakuda, lofewa, madzi ali pomwepo, koma osabzalamo chodya. Maluwa anali m'mizere yowongoka kuposa ya fodya wa pa esiteti. Mitengo anaimeta kuti ifanane ndi madenga a nkhokwe. Pakati panali dziwe limene linkaponya madzi m'mwamba, ndipo mphepo inkabweretsa timadontho kumaso kwanga. Ndinatseka milomo mwamphamvu ndi kudutsa chammbali. Lilime langa linali ngati chikopa.

Chinthu chimodzi chokha chinandiimitsa. M'nyumba ina yagalasi munali mtengo wa mphesa wakalekale, thunthu lake lalikulu ngati chiuno cha munthu, nthambi zake zitayala denga lonse. Moyo wanga wonse ndinkamva za mpesa ndi nthambi zake, ndi za nthambi imene imauma ikachoka pa thunthu, koma mpesa weniweni wobala vinyo ndinali ndisanauone. Zipatso zake zinali zazing'ono, zobiriwira. Ndinaganiza za mayi uja amene anangofuna kukhudza mphonje ya chovala cha Ambuye, ndipo ndinatambasula dzanja. Chala changa chinagunda galasi. Ndinaima pamenepo ndikudziona ngati nthambi yoduka yomwe yakhala padzuwa kuyambira mwezi wa mvula.

Ndinkaganiza kuti tatha. Koma panali mpanda wina wa zitsamba zazitali, wokhala ndi tinjira tokhotakhota m'kati, umene mafumu anaubzala dala kuti anthu azisocheramo posewera. Kusochera dala! Bwana, amene ankadzitama kuti ankasaka nyama m'nkhalango ya Dzalanyama popanda womulondolera, anati titsate iye. Tinakhota, tinapeza potsekeka. Tinabwerera, tinakumana ndi banja lomwe tinakumana nalo kale. Kadona anatopa, ndinamubereka ndi shawelo, azungu akundiyang'ana.

"Adadi asochera," anandinong'oneza kumsana.

"Sanasochere. Akuyendera munda wa eni ake."

Bwana anamva. "Ukudziwa njira iwe?"

"Ayi, bwana. Ana a Israele anazungulira zaka zambiri, koma anatuluka."

Sanaseke. Pamene tinatuluka, mthunzi wa mitengo unali utatalika kale. Maso anga ankachita mdima ndikatembenuka msanga. Komabe kusala kwanga kunali kwathunthu, ndipo ndinali nako ngati dzira m'manja.

Anayala nsalu pa udzu kuti adye. Panali buledi, nyama yozizira, tiyi wa m'botolo, ndi kadengu ka tizipatso tofiira totchedwa sitiroberi, tofanana pang'ono ndi mabulosi. Ndinakhala pambali, ndikuyendetsa zala pa kolona m'thumba. Adona anandiyang'ana.

"Sukudya bwanji? Wadwala?"

"Ayi, adona. Ndikusala, kuti ndikalandire."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira dzulo."

Nkhope yawo inafiira. Anatembenukira kwa bwana ndi kulankhula mofulumira, mwaukali, ndipo bwana anayamba kubwezera zinthu m'dengu. Ndinathokoza Mulungu mumtima. Ndinati Ambuye, mwandiona. Kwatsala pang'ono.

Kadona sanamve zonsezi. Anali atatanganidwa ndi kadengu kaja, akusankha. Anatenga kachipatso kakakulu kuposa tonse, anayenda pa udzu, ndipo pamaso pa azungu onse odutsa anagwada patsogolo panga ndi kutambasula manja awiri.

"Yaya, landirani."

Ndinalandira ndi manja awiri. "Zikomo, kadona. Wakula." Ndinakafumbata m'dzanja.

Sanachoke. Ankadikira, monga ndinamuzoloweza.

"Idyani."

"Ndidya bwino lino, mwana wanga."

"Ayi, idyani tsopano. Ndi kakupsa. Ndasankha ine."

"Ndikasunga, ndikadyera m'galimoto."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwandikwiyira?"

Adona, pofuna kundithandiza, anabwera n'kutsegula dzanja langa, anatenga kachipatsoko ndi kukabwezera kwa mwanayo. Analankhula m'chilankhulo chathu kuti amve bwino. "Musiye Yaya. Sakufuna. Idya wekha."

Idya wekha. Zaka zonse zimene ndinamulera ndinaonetsetsa kuti mawu amenewa asalowe m'khutu mwake. Mwanayo anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine. Misozi sinatuluke. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ngati munthu amene wamva chinthu chatsopano ndipo akuchisunga. Dzanja lake linayamba kubwerera, pang'onopang'ono, kulowera kukamwa kwake.

Sindinganene kuti ndinaganiza. Ndinagwira kadzanjako, ndinati, "Ndimaseka, kadona, bweretsa," ndipo ndinadya iye akuona. Ndinatafuna, ndinameza, ndinaomba m'manja. Anaseka n'kuthamangira amayi ake.

Adona sanadziwe chimene chachitika. Anati, "Wachita bwino, kamodzi kokha si kanthu. Tiyeni tifulumire." Ndinalibe mphamvu zowafotokozera. Ndinanyamula dengu.

M'galimoto ndinadzitonthoza ndi ganizo limodzi: mwina ngakhale ndikanasunga, sitikanapeza wansembe, pakuti tsiku linali litapita. Bwana anafunsa wapolisi njira, ndipo tinaima pa tchalitchi china chaching'ono cha njerwa zakuda, pakati pa masitolo otseka. Anthu ankalowa. Ndinaganiza kuti ndi mapemphero a madzulo. Nditalowa ndinaona kanyali kofiira kakuyaka, makandulo ali pa guwa, ndipo wansembe anatuluka atavala za Misa.

Misa madzulo. Chibadwire ndinali ndisanamvepo zotere.

Ndinagwada pa benchi yakumbuyo. Mawu a Chilatini anali omwewo a kwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Namitete ndinamva chinthu chimene ndinkachidziwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Belu laling'ono linalira. Anthu anadzuka m'mizere kupita kutsogolo, akazi a zipewa, amuna a manja akuda ndi ntchito, nkhalamba ya ndodo. Mayi amene anali pambali panga anaima kuti ndidutse. Ndinapukusa mutu. M'mano mwanga munali mutatsalira timbewu ta kachipatso kaja, ndipo lilime linkangotipeza.

Misa itatha ndinachita chimene sindinachitepo: ndinapempha bwana kuti tikaonane ndi wansembe. Anavomera kundimasulira. Wansembeyo anali wachinyamata, wotopa. Anamvetsera, anafunsa mafunso, ndipo bwana anatembenukira kwa ine.

"Akuti lamulo linafewa posachedwa. Pa Misa ya madzulo munthu amasala maola ochepa chabe. Akuti ukanatha kudya m'mawa, ngakhale masana. Madzi saletsanso."

Wansembeyo analankhulanso.

"Akufunsa kuti wadya liti."

"Pochoka kumunda kuja."

"Wadya chiyani?"

Ndinasonyeza ndi zala kukula kwake. Bwana anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Wansembeyo anagwira chibwano, anayang'ana wotchi ya pakhoma, anapukusa mutu. Nthawi inali isanakwane. Anati ndibwere m'mawa mwake, pa Misa yoyamba, Mulungu sangandiwerengere tsiku limodzi. Bwana anamuuza za sitima. Wansembeyo anatambasula manja, anandidalitsa pamphumi, ndipo mnyamata wotumikira pa guwa anayamba kuzimitsa makandulo.

Tinabwerera ku Nyasaland m'chilimwe, masika atatha kale, minda ili yopsa. Lamulungu loyamba ndinayenda wapansi kupita ku mishoni, wosadya, ndipo ndinauza abambo ansembe okalamba amene anandibatiza zonse monga ndalembera pano. Anandiuza kuti palibe tchimo pamene munthu anafuna koma njira inatsekeka. Anafunsanso ngati mwanayo akupatsabe anthu zinthu. Ndinati akupatsa. Anati ndiye pita ukalandire.

Ndinalandira, ndipo ndinalira. Bambo anga atandifunsa za Pasaka ndinawauza zoona. Anati ansembe akanena kuti palibe mlandu, palibe mlandu. Ndikukhulupirira zimenezo. Ndipo mwana atagwadanso lero ndi manja awiri, ndingadyenso.

Komabe pali zimene sizinandichoke. Matchalitchi awiri aja tinawadutsa m'mawa, zitseko zili zotsegula, ine ndili chete kumbuyo kwa galimoto ngati thumba la mtedza. Tsiku lathunthu tinalipereka kwa mafumu amene sanalipo kuti alilandire. Pasaka wa chaka chimenecho sindinamulandire, ndipo zaka zonse zotsatira sizinandibwezere ameneyo. Anthu amafuna ndiwauze za mabedi agolide ndi maluwa. Ine chimene ndimakumbukira bwino ndi ludzu, ndi kachipatso kaja. Mwana anasankha kakakulu, koma kanali kowawasa.